Ayutthaya: Mzinda Umene Udadalira Madzi

Nkhani ya sabata ino ndi ya ku Thailand, dziko la kum'mwera chakum'maŵa kwa Asia, limene kale linkadziŵika ndi dzina loti Siam. Likulu lake masiku ano ndi Bangkok, koma Bangkok ndi mzinda wa dzulodzulo poyerekeza ndi likulu lakale, Ayutthaya, limene mabwinja ake ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 chakumpoto. Tsiku ndi tsiku m'mamaŵa mabasi amanyamuka ku Bangkok atadzaza alendo odzaona dziko, basi iliyonse ndi namulondola wake wofotokoza mbiri. M'maŵa alendowo amaŵayendetsa m'mabwinja a akachisi, ndipo dzuŵa likapendeka amaŵakweza bwato kuti aone midzi ndi minda ya m'mbali mwa mtsinje. Ambiri amabwerera madzulo akuganiza kuti mbiri adaimva m'maŵa, ndipo za pa bwatozo kudali kungopitidwa mphepo. Komatu mbiri ya Ayutthaya ndi ya mtsinjewo. Akachisi aja adamangidwa ndi chuma chobwera pa madzi, adatetezedwa ndi madzi kwa zaka zoposa 400, ndipo adapsa m'chaka chimene madziwo adalephera kupirikitsa adani.

Mlendo akangotuluka mu Bangkok amaona chigwa chosalala kwambiri, chopanda phiri ngakhale chulu chooneka. Mvula kumeneko imayamba mwezi wa Meyi ndi kutha mwezi wa Okutobala. Masiku amakedzana, madamu asanamangidwe, madzi onse ochokera ku mapiri a kumpoto ankafika m'chigwamo cha mu Seputembala, mitsinje nkusefukira, dziko lonse nkusanduka nyanja kwa miyezi ingapo. Anthu ake sankalimbana nawo madziwo ai. Nyumba zao ankamanga pamwamba pa mizati italiitali monga mmene imakhalira nkhokwe, ndipo banja lililonse linkasunga bwato kunsi kwa nyumba. Adapezanso mtundu wa mpunga umene umatalika molingana ndi kukwera kwa madzi, kotero kuti phesi lake limatha kufika mamita 3 kapena kuposerapo, ngala zake zili pamwamba. Madzi akaphwa ankasiya nthaka yachonde ndi nsomba zambiri m'maiŵe.

M'chigwa chimenechi, m'chaka cha 1351, mfumu ina dzina lake U Thong idakhazikitsa mzinda pamalo pamene pamakumana mitsinje itatu: Chao Phraya, Pa Sak ndi Lopburi. Mitsinjeyi idazungulira malowo pafupifupi mbali zonse, tsono pamene padatsala mtunda anthu adakumbapo ngalande, mzindawo nkukhala chilumba. Dzina loti Ayutthaya adalitenga ku Ayodhya, mzinda wa mfumu Rama wotchuka m'nthano zakale za ku India. Pambuyo pake mafumu adamanga linga la njerwa lotalika makilomita pafupifupi 12 kuzungulira chilumbacho, ndipo m'kati mwake adakumba ngalande zambiri zimene zinkagwira ntchito ya miseu. Mafumu 33 adalamulira pamenepa motsatizana.

Malo oyamba amene namulondola amakonda kuimikapo basi ndi Wat Mahathat. Mau oti "wat" m'chinenero cha Chithai amatanthauza kachisi pamodzi ndi nyumba za amonke, amuna odzipatula pa chipembedzo cha Chibuda, amene amameta mpala ndi kuvala nsalu zachikasu. Kachisi ameneyu adayamba kumangidwa m'chaka cha 1374, ndipo mkulu wa amonke ankakhala pamenepa. Lero patsala zipupa za njerwa zofiira ndi mizere ya zifanizo za Buddha zokhala tsonga, zambiri zopanda mitu. Pansi pa mtengo wina waukulu wa mtundu wa kachere pali mutu wa mwala wa Buddha umene mizu idaukumbatira mpaka kungotsala nkhope yokha ikusuzumira. Alendo ofuna kujambulitsa pamenepo amauzidwa kuti akhale pansi, chifukwa pa mwambo wa dzikolo nkusoŵa ulemu kuti mutu wa munthu ukhale pamwamba pa mutu wa Buddha.

Kutsidya kwa mseu kuli Wat Ratchaburana, kachisi amene mbiri yake ndi ya mpungwepungwe wa pa banja. Mfumu Intharacha itamwalira m'chaka cha 1424, ana ake aŵiri aakulu adakanganirana ufumu. Adakumana pa mlatho wina mumzindamo, aliyense atakwera njovu yake, ndipo adaphana onse aŵiri. Mng'ono wao, Chao Sam Phraya, ndiye adalandira ufumu, namanga kachisi ameneyu pamalo pamene adatenthera mitembo ya akulu akewo. Mfumu yomweyi ndiyo idagonjetsa mzinda wotchuka wa Angkor, wa ku Cambodia, m'chaka cha 1431. Pansi pa nsanja ya kachisiyu padali zipinda zobisika zodzaza ndi ziŵiya ndi zokometsera za golide, ndipo zidakhala mosadziŵika zaka zoposa 500 mpaka m'chaka cha 1957 pamene mbala zidabooleza ndi kuba. Apolisi adangopeza gawo chabe la chumacho. Zimene zidapulumuka zimasungidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mumzinda momwemo, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1961 ndipo imatchedwa dzina la mfumu yomwe ija.

Kuchoka apo alendo amafika ku Wat Phra Si Sanphet, kachisi wa mafumu, amene adali m'kati mwa bwalo la nyumba yachifumu ndipo simunkagona amonke. Pano pali ziliza zitatu zazikulu zooneka ngati mabelu ovundikira, nsonga zake zosongoka, ndipo m'menemo adasungamo phulusa la mafumu atatu. Cha m'ma 1500 mfumu Ramathibodi II idaimika pano chifanizo cha Buddha choimirira, chotalika mamita 16, chokutidwa ndi golide. Alendo a ku Ulaya amene adachiona adalemba za icho modabwa.

Mlendo woganiza bwino akaona zonsezi amafunsa kumene kudachokera chuma chotere m'dziko la alimi a mpunga. Yankho loyamba lili pa mtsinje. Chao Phraya ndi wakuya mokwanira kuti ngalaŵa za pa nyanja yamchere zinkakwera mpaka pa doko la mzindawo. Mphepo ya nyengo ina inkabweretsa amalonda a ku China ndi ku Japan, ya nyengo ina a ku India ndi ku Persia, ndipo Ayutthaya adali pakati, akugula uku ndi kugulitsa uko. Kuchokera m'nkhalango za kumtunda, mabwato ankatsika ndi zikopa za agwape zimene zinkafunika kwambiri ku Japan, mitengo yotulutsa utoto wofiira, minyanga, ndiponso mpunga. Njovu zamoyo zinkagulitsidwa ku India. Katundu wamtengo wapatali ankayenera kudzera m'nkhokwe za mfumu, motero phindu lalikulu linkatsalira m'manja mwa mfumuyo. Pofuna kufupikitsa ulendo wa ngalaŵa, mafumu adakumbitsa ngalande zodula mokhotakhota mwa mtsinje, ndipo imodzi mwa izo, ya m'nthaŵi ya mfumu Chairacha m'zaka za m'ma 1500, idakula mpaka kusanduka mtsinje weniweni umene lero umadutsa pakati pa Bangkok.

Azungu oyamba kufika adali Apwitikizi. M'chaka cha 1511, atalanda doko la Malacca, adatumiza nthumwi yao, Duarte Fernandes, kwa mfumu ya Ayutthaya. Aŵa ndi Apwitikizi omwe aja amene, patapita zaka zochepa, adakhazikika ku Sena ndi ku Tete pa mtsinje wa Zambezi, kumene pambuyo pake ankagula minyanga kwa Amaravi. Adachi adatsegula nyumba yao ya malonda m'chaka cha 1608, Angerezi m'chaka cha 1612. Mtundu uliwonse unkapatsidwa mudzi wake kunja kwa linga, m'mbali mwa mtsinje, ndi ufulu wopembedza monga mwa chikhulupiriro chake. M'nthaŵi ya mfumu Narai, imene idalamulira kuyambira 1656 mpaka 1688, Mgriki wina dzina lake Constantine Phaulkon adakwera mpaka kukhala nduna yamphamvu, ndipo m'chaka cha 1686 akazembe a ku Siam adalandiridwa ndi mfumu Louis XIV ya ku France. Ngakhale pa za chipembedzo mzindawu udamveka kutali: m'chaka cha 1753 amonke a ku Ayutthaya, motsogozedwa ndi Upali, adapita ku Sri Lanka kukadzutsa mwambo wodzoza amonke umene udali utazirala kumeneko.

Yankho lachiŵiri silimveka kaŵirikaŵiri pa ulendo wa alendo. Njerwa zonsezo zidaumbidwa ndi kusenzedwa ndi anthu wamba pa thangata. Mwamuna aliyense amene sadali wa banja lachifumu, nduna kapena mmonke ankalembedwa pansi pa mbuye wake, ndipo anthu a mfumu ankayenera kugwira ntchito yosalipidwa miyezi 6 pa chaka, mwezi uno ku ntchito, mwezi wamaŵa kwao. Ndiwo ankakumba ngalande, kupalasa mabwato a mfumu ndi kupita ku nkhondo. Minda inkatsala m'manja mwa akazi. Ambiri ankathaŵa thangatayo, ena poloŵa umonke, ena pobisala m'nkhalango, ndipo m'zaka zomaliza za ufumuwo kusonkhanitsa ankhondo okwanira kudasanduka ntchito yovuta.

Mdani wamkulu wa Ayutthaya adali ufumu wa Burma, dziko la kumadzulo limene lero limatchedwa Myanmar. Njira imene mafumu a Ayutthaya ankadzitetezera idali imodzi, ndipo aliyense ankaidziŵa. Ankhondo a adani ankatha kuyenda nthaŵi ya chilimwe yokha. Akamveka kuti akubwera, anthu a m'midzi ankaloŵa m'linga ndi mpunga wao, zipata nkutsekedwa, kenaka nkudikira. Mvula ikagwa chigwa chinkadzaza, misasa ya adani inkamira, chakudya chinkaŵathera, matenda nkuŵagwira, ndipo ankabwerera okha. Ankhondo a ku Burma adazinga mzindawu m'chaka cha 1549 nalephera. Mu 1569, mfumu yao yamphamvu Bayinnaung idaugonjetsa mwezi wa Ogasiti madzi asanakwere, ndipo mabuku a mbiri a ku Siam amati chidachititsa ndi chiŵembu cha nduna ina imene idafooketsa chitetezo kuchokera m'kati.

Kugwa koyambaku sikudaphe mzindawo. Mwana wa mfumu dzina lake Naresuan, amene adakhala zaka zingapo ku Burma ngati chikole ali mnyamata, adakana ulamuliro wa Burma m'chaka cha 1584. Adani atabweranso kudzazinga mzinda mu 1587, adabwerera osaphula kanthu. M'chaka cha 1593 Naresuan adamenyana ndi mwana wa mfumu ya Burma, onse atakwera njovu, namupha. Namulondola amafotokoza nkhani imeneyi monyadira pa Wat Yai Chai Mongkhon, kachisi wa kunja kwa chilumba amene chiliza chake chachitali anthu amati chidakuzidwa pokumbukira kupambanako. Kuyambira pamenepo padapita zaka zambiri mzindawo osagwanso. Ngakhale mu 1760, pamene mfumu Alaungpaya ya ku Burma idafika mpaka pa linga, idabwerera mvula isanafike, nimwalira panjira. Anthu a ku Ayutthaya adakhazikika mtima pansi kuti popanda kapirikoni m'kati, madzi sangaŵagwiritse mwala.

Akuluakulu adati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. M'chaka cha 1765 mfumu Hsinbyushin, mwana wa Alaungpaya, idatumiza magulu aŵiri a nkhondo, lina kudzera kumpoto, lina kudzera kum'mwera, ndipo onse adakumana pa Ayutthaya kumayambiriro kwa 1766. Panjira adalanda midzi ndi mizinda yonse imene ikadatumiza chithandizo. Anthu a m'mudzi wa Bang Rachan adalimbana nawo okha kwa miyezi 5, ndipo dzina la mudziwo limalemekezedwa mpaka lero, koma potsiriza adagonja. M'kati mwa linga mfumu Ekkathat ndi nduna zake adachita monga mwa masiku onse: adatseka zipata ndi kudikira mvula.

Mvula idabwera, madzi adakwera, koma ulendo uno adani sadachoke. Akuluakulu a nkhondo a ku Burma adali ataphunzira pa kulephera kwa makolo ao. Adasamutsira misasa yao pamalo okwera, ina pa mabwalo a akachisi a kunja kwa linga, adaunjika dothi, adasonkhanitsa ndi kusema mabwato ambiri, ndipo ena mwa ankhondo adaŵatuma kulima mpunga. Madzi amene ankayenera kutsekereza adani adatsekera eni mzinda. Njala idaloŵa, matenda adabuka, ndipo mu Januwale 1767 moto waukulu udapsereza nyumba zambirimbiri. Madzi ataphwa, adani adakumba njira za pansi ngati za mfuko mpaka kunsi kwa linga, adaunjikamo nkhuni ndi kuyatsa moto kuti maziko agumuke. Pa 7 Epulo 1767, atauzinga miyezi 14, adaloŵa mumzinda.

Adatentha nyumba yachifumu ndi akachisi, adakanganula golide pa chifanizo chachikulu chija, ndipo anthu zikwi zambiri, pamodzi ndi a banja lachifumu, amisiri ndi oimba, adatengedwa ukapolo kupita ku Burma. Mfumu Ekkathat idafa m'masiku omwewo. Mabuku ambiri a malamulo ndi a mbiri adapsa. Komabe ogonjetsawo sadakhalitse, chifukwa dziko lao lidali litaloŵeredwa ndi ankhondo a ku China. Mkulu wina wa nkhondo dzina lake Taksin, amene adali atabooleza mzere wa adani ndi kuthaŵa mzinda usanagwe, adasonkhanitsa anthu ndi mabwato ku gombe la kum'maŵa, ndipo mu Novembala chaka chomwecho adalandanso Ayutthaya. Ataona mmene mzindawo udaonongekera, adakakhazikitsa likulu ku Thonburi, kunsi kwa mtsinje, pafupi ndi nyanja.

Anamulondola ena amasenzetsa ankhondo a ku Burma mlandu wa chipupa chilichonse chakugwa, koma mbiri imanena zoposa pamenepo. M'chaka cha 1782 mfumu Rama I idasamutsira likulu kutsidya la mtsinje, ku Bangkok, ndipo posoŵa zomangira idalamula kuti malinga a Ayutthaya agumulidwe. Njerwa zidapakiridwa m'mabwato ndi kutsika nazo mtsinje womwe uja kukamangira mzinda watsopano. Ofunafuna chuma chokwiriridwa adakumba pansi pa akachisi kwa zaka zambiri, ndipo ena mwa mitu ya zifanizo idadulidwa ndi akuba ogulitsa kwa okonda zinthu zakale. Boma lidayamba kusamala mabwinjaŵa mochedwa, ndipo m'chaka cha 1991 bungwe la UNESCO lidaŵaika pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse lapansi.

Dzuŵa likapepa alendo amatsikira ku doko. Bwato limayambira pa Wat Phanan Choeng, pamene Pa Sak amathira mu Chao Phraya. Kachisi ameneyu ndi wamoyo, wodzaza ndi opembedza, ndipo chifanizo chake cha Buddha, chotalika mamita 19, chidapangidwa m'chaka cha 1324, mzinda usanakhazikitsidwe. Anthu amasimba kuti chidagwetsa misozi mzindawo uli pafupi kugwa. Pa doko la kachisiyu nsomba zazikulu zimaunjikana kulimbirana chakudya chimene opembedza amaponya, pakuti pamadzi a pakhomo pa kachisi sipaphedwa nsomba. Bwato likamayenda limadutsa chigumukire cha linga lakale, mizikiti ya zidzukulu za amalonda Achisilamu, ndi tchalitchi cha Yosefe Woyera chimene chidayambitsidwa ndi amishoni a ku France m'chaka cha 1666. Pakati pa zimenezi pali nyumba zamatabwa za pa mizati, makwerero ake otsikira m'madzi, nthochi ndi nsungwi kuseri kwake, ndipo patsogolo pang'ono minda ya mpunga yobiriŵira. Namasupuni, yemwe uja wovutitsa pa mtsinje wa Shire, amayandama m'magulumagulu. Nthaŵi ndi nthaŵi bwato la alendo limapatukira mabwato akuluakulu a katundu, omangirizana atatu kapena anai, akukokedwa pang'onopang'ono ndi kabwato ka injini kupita ku Bangkok. Njira ya malonda ija ikugwirabe ntchito.

Ulendo umathera pa Wat Chaiwatthanaram, kachisi amene mfumu Prasat Thong idamanga m'chaka cha 1630 pa gombe la kumadzulo pokumbukira mai ake. Nsanja yake yapakati ndi yotalika mamita 35, ndipo kamangidwe kake nkotengera akachisi a ku Angkor. Dzuŵa likamaloŵa kuseri kwake njerwa zimachita psuu, ndipo apa ndi pamene alendo amajambula zithunzi zambiri. Apanso ndi pamene mbiri ya madzi idalembedwa kachiŵiri m'masiku athu ano.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 boma la Thailand lidamanga madamu kumtunda, la ku Chai Nat mu 1957 ndi la Bhumibol mu 1964, kuti madzi azilamulidwa ndi kuti alimi azikolola mpunga kaŵiri pa chaka. Kusefukira kwa chaka ndi chaka kudachepa. Miseu idaloŵa m'malo mwa ngalande, ngalande zambiri zidakwiriridwa, nyumba zatsopano zidamangidwa pansi, ndipo m'madambo mmene munkagona madzi mudamangidwa mafakitale a galimoto ndi a zipangizo za makompyuta. M'chaka cha 2011 kudagwa mvula yoposa muyeso, madamu adadzaza, ndipo mu Okutobala madzi adabwerera m'chigwa chao chakale. Adaloŵa pa chilumba, adamiza mafakitale, pakati pao ya galimoto za Honda, ndipo pa Wat Chaiwatthanaram adafika mamita pafupifupi 2. M'dziko lonselo anthu oposa 800 adataya miyoyo, ndipo mtengo wa zipangizo zosungira zinthu m'makompyuta udakwera pa dziko lonse lapansi chifukwa mafakitale ake adali m'madzi.

Madzi saiŵala khwaŵa. Mafumu a Ayutthaya adaŵadziŵa bwino madzi ao, koma adaiŵala kuti mdani nayenso amaphunzira; a m'badwo wa madamu adaganiza kuti mtsinje wazoloŵera malire amene adauikira. Onse aŵiri adaika chikhulupiriro chao chonse pa chitetezo chimodzi chifukwa chidali chitagwira ntchito kwa nthaŵi yaitali. Masiku ano, nyengo ya mvula ikafika ndipo Chao Phraya akayamba kukwera, antchito a boma amadzutsa chipupa cha zitsulo pa gombe la Wat Chaiwatthanaram kuti madzi asafike pa maziko a kachisi, ndipo madzi akaphwa amachigonekanso pansi kuti alendo a pa bwato aone nsanja zija bwinobwino.